Zida za a Malume a Paison

Ndirande, Blantyre
9 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Agnesi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi ana. Ine kuno ndilipo, kuzizira kokha basi. Ndalemba kalata chifukwa nkhani iyi sindikufuna kuinena pa foni ya kugolosale ya a Lorenso, pomwe aliyense wodzagula mchere amaima n'kumamvetsera.

Achemwali, ntchito ija ndaipeza. Patha zaka ziwiri chimalizireni digiri, ndipo ndinali nditayamba kuchita manyazi ndi envulopu ya mapepala anga. Andilemba kukhala mphunzitsi wa ukalipentala pa sukulu ya ntchito zamanja ya kufupi ndi Bangula. Inde, yomweyo imene a malume a Paison amaphunzitsako. Atilemba atsopano anayi: wa zosoka, wa zowotcherera zitsulo, wa zomanga, ndi ine. Kalata yondilembayo ndaiwerenga kasanu, ndikuganiza kuti mwina alakwitsa dzina.

Ndikuuzeni zoona, ndili ndi mantha. Ku yunivesite tinkaphunzira kwambiri kujambula mapulani ndi kukonzekera phunziro. Puleni yopalira matabwa ndinaigwira masabata ochepa chabe, ndipo tebulo lomwe ndinakhoza nalo mayeso linkagwedera. Koma mtima ukumakhala pansi ndikakumbukira kuti a malume ali komweko. Ine ndiziphunzitsa za pabolodi, iwo za pathabwa. Ndawaimbira kangapo koma foni yawo sikulowa. Mukalankhula nawo muwauze kuti mwana wa mlongo wawo akubwera, azipumako tsopano.

Tili ndi maphunziro a aphunzitsi atsopano kuno mpaka kumapeto kwa mwezi, kenako galimoto ya sukulu idzatitenga tonse limodzi. Mundiuze za mlandu wanu ndi alamu. Kodi a malume anakhala nawo pansi akuchimuna aja?

Ine mlongo wanu,
Augustino


Kwa Katunga, Chikwawa
24 Ogasiti 2024

Iwe Augustino,

Tili moyo. Amayi ali ndi chifuwa koma akuyenda. Ana ali bwino.

Kalata yako inafika itagona sabata yathunthu m'thumba la kondakitala. Ine ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Ndinaiwerenga mokweza pakhonde ndisanaione kaye ndekha, ndipo pakhondepo panali a malume.

Kodi iwe ndiwe wopusa kapena wankhanza? Undiuze kuti ndidziwe chokukwiyira. A malume ali kuno kwa Katunga kuyambira tsiku loyamba la mwezi uno. Anabwera pa matola ndi mphasa, njinga ndi bokosi lawo lija. Anawapatsa kalata yoti ntchito yatha, chifukwa sukulu tsopano ikufuna aphunzitsi a mapepala okhaokha. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Augustino! Anawauza kuti m'malo mwawo mukubwera mnyamata wa digiri wochokera ku Blantyre. Tonse pano tinkamutukwana mnyamatayo m'mawa ndi madzulo. Amayi anamutukwana mpaka anafika kwa mayi ake omubereka.

Ndiye ine ndikuwerenga ndi chimwemwe chonse, mawu ali pamwamba, mpaka ndinafika paja pakuti azipumako tsopano. Amayi anagwira pakamwa. A malume sananyamule nkhope. Anangoti, “Werenganso pomaliza paja.” Ndinawerenganso. Anathokoza m'Chisena kuti, “Takhuta,” n'kudzuka kupita kudimba. Anabwerako dzuwa litalowa.

Amayi akuti ndilembe mawu awo momwe akunenera. Akuti: Mwana wanga, kwathu kuno mwana wa mlongo amalowa pamalo pa malume ake maliro atatha, anthu atameta. Iwe walowa iwo akupuma mpweya. Azimayi anzanga kutchalitchi ayamba kale kundiyang'ana. Ikane ntchitoyo, ubwere kuno.

Ine sindikunena kuti uikane. Ndikudziwa mmene wavutikira ku Ndirande. Ndikungoti podutsa utsike pa Dyeratu, udzagwade pamaso pawo usanapitirire. Mlandu wanga ndi bambo a anawa waima. A malume akuti alibe nkhope yokhalira pamaso pa anthu.

Mlongo wako,
Agnesi


Bangula, Nsanje
4 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali,

Moni kwa inu ndi ana. Amayi chifuwa chija chikuwayendera bwanji?

Kalata yanu yandipeza dzulo. Inafika ku Ndirande ine nditanyamuka, ndipo mnzanga wa chipinda ndi amene wainditumizira. Pa Dyeratu ndinadutsa Lamlungu osatsika. Ndinasuzumira pawindo n'kumauza anzanga kuti kwathu ndi uko. Ndinkaseka, achemwali. Ndikudziwa mmene kusatsikako kwaonekera kumeneko.

Zonse ndinazidziwa Lolemba, kalata yanu isanafike. Mkulu wa sukulu, Mayi Fombe, anaika ophunzira pamzere pansi pa mtengo wa nimu n'kutionetsa mmodzimmodzi. Wa zosoka anamuombera m'manja. Wa zomanga anamuimbira ndi mluzu. Atatchula ine, mzere wa ukalipentala unangoti zii. Ine ndinkayang'ana uku ndi uku kufuna chipewa cha a malume. Titamaliza ndinafunsa kuti, “Mayi, a Paison ali kuti lero?”

Anati, “Kodi mumawadziwa? Madala aja anapuma. Malo awo ndi anu.” Anandiika makiyi awiri m'manja. Ina ndi ya wekishopu, ina ndi ya nyumba.

Nyumbayo ndi yawo, achemwali. Pakhoma pali miyeso yomwe ankalemba ndi pensulo. Msomali wopachikapo chipewa udakalipo. Ndinakhala pansi pasimenti nthawi yaitali chikwama chili pamsana.

Mwandifunsa ngati ndine wopusa kapena wankhanza. Ndakhala ndikudzifunsa zomwezo. Sindinadziwe, zimenezo ndi zoona. Koma pa intaviyu anandifunsa ngati ndingathe kuyendetsa gawo lonse ndekha, ine ndinati inde. Sindinafunse chifukwa chake akunena kuti ndekha. Mwina sindinafune kufunsa. Ntchito ndinkaifuna kwambiri.

Palinso china. Nditatsegula wekishopu ndinapeza mabenchi okhaokha. M'kabati muli masowo atatu opanda mano ndi mapuleni awiri omwe anauma ndi matope a madzi osefukira a chaka chatha. Zida za sukulu ndi zimenezo basi. Zaka zonsezi a malume ankaphunzitsa ndi zida zawo, ndipo palibe wa muofesi amene ankadziwa, kapena ankadziwa koma osalabadira. Atachoka, bokosi linachoka nawo. Mayi Fombe nawonso anabwera chaka chino. Nditawaonetsa kabatiyo anagwira mutu. Akuti alembera akuluakulu, koma yankho lingabwere chaka chamawa.

Ndili ndi ophunzira makumi awiri ndi awiri, ndipo mayeso awo a luso ndi mu Novembala. Mmodzi ndi mayi wa ana awiri, dzina lake Prudence, amene amalankhulira anzake. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato n'kunena kuti, “Aphunzitsi, mwabwera ndi zida kapena mwangobwera ndi tayi?”

Masiku atatu tsopano ndikuwajambulira sowo pabolodi. Iwo amakopera bwinobwino, osaseka.

Amayi muwauze kuti mawu awo ndawamva. Kukana ntchitoyi sikubwezera a malume pano, angolemba wina wa digiri. Koma mwina ndikunena zimenezi pofuna kudzitonthoza. Ndibwera kumapeto kwa mwezi kudzagwada, ngati angandilole kufika pakhonde.

Ine,
Augustino


Kwa Katunga, Chikwawa
11 Seputembala 2024

Augustino,

Moni sindipereka wambiri, ndikuthamangira minibasi yamasana. Tili moyo.

Bokosi lija likafika usalitsegule. Wamva? Usalitsegule.

Kalata yako ya makiyi ija ndinaiwerenga ndekha kuseri kwa khola, koma mwana wanga wamkulu anaipeza n'kukawerengera a malume pofuna kuonetsa kuti amatha kuwerenga. Anamva zonse, za kabati ndi za sowo wa pabolodi. Lero m'mawa tangoona amanga bokosi lonse panjinga, ulendo wa kumsewu. Amayi anawathamangira ndi chifuwa chawocho, ine pambuyo.

Tinawapeza akulikweza pa minibasi ya ku Bangula. Amayi anagwira chingwe n'kumakuwa, “Achimwene, mwapenga? Zida zimapita kwa mwana wa mlongo mwini wake atagona kumanda!”

Iwo anati, “Ndiye ukufuna ndiyambe ndafa kuti ana aja alembe mayeso? Novembala si patali, Esinala. Ndifulumire?”

Kondakitala anati, “Madala, katunduyu akukwera kapena akuikidwa maliro? Tili ndi anthu ife.” A malume anamasula zala za amayi chimodzichimodzi, minibasi n'kunyamuka. Amayi anakhala pansi pamsewu penipeni. Anthu onse a pagolosale ya a Lorenso anatuluka kudzaonerera.

Pano nkhani yadzaza mudzi. Ena akuti munthu akagawa zida ndiye kuti waiona imfa yake ikubwera. Ena akuti wakutemberera. Amayi akuti bokosi likakhala losatsegula ndiye kuti silinalandiridwe, ndipo likhoza kubwerera popanda choipa. Ulikweze pa minibasi yoyamba.

Ine za matemberero sindidziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti munthu uja alibe china chodyera. Zitseko zitatu za kutchalitchi zomwe anayamba kupanga zangotsamira khoma. Pakhomo pano sipanatsale ngakhale hamala yokhomera msomali.

Agnesi


Kwa Katunga
11 Seputembala

Augustino,

Moni. Ine ndilipo. Sindikudwala, usamvere amayi ako. Kalatayi ndaimanga pachivindikiro kuti uiwerenge usanachite chilichonse.

Zida zonse zili m'menemo, ndi mwala wonolera womwe. Tchizulo yaing'ono ili ndi chigwiriro chong'aluka. Mwa ophunzirawo usampatse Witness, dzanja lake ndi lolemera. Prudence amadziwa kuposa onse koma amathamanga, uzimubweza kawiri ngakhale akhoze. Matabwa a kuseri kwa wekishopu uziwatembenuza Lachisanu lililonse, dzuwa la kumeneko limapinda thabwa ngati nthochi.

Usaganize kuti ndakukhululukira. Nkhabe, ayi. Ndatumiza chifukwa cha ana aja. Ndinawayamba ndine, ndipo sakalephera chifukwa chojambula sowo m'kope.

Koma amayi ako akunena zoona pa chinthu chimodzi. Zida siziyenda zokha. Ine ndinalandira bokosili kwa malume anga titawaika m'manda, ndipo tsiku lomwelo ndinalandira ndi mbumba yawo yonse. Wotenga bokosi amatenga zonse. Ndiye kuyambira lero mwini mbumba ndiwe. Mlandu wa Agnesi ndi wako. Malire a dimba omwe akutilanda aja ndi ako. Maliro akagwa pabanja pano adzayamba kuuza iwe. Akuchimuna kwa Agnesi ndawatumizira kale mawu kuti nkhoswe tsopano ili ku Bangula, ndipo ili ndi digiri.

Unati ndipume. Ndapuma. Mundiwerengere ngati malemu.

Paison


Bangula, Nsanje
14 Seputembala 2024

A malume olemekezeka,

Ndagwada pansi pokupatsani moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino.

Bokosi linafika Lachitatu, ndipo kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pamsewu. Kondakitala anachita kundikumbutsa kuti ndichotse katundu pamatayala. Madzulo ake inafika ya achemwali yoti ndisatsegule. Masiku awiri linakhala pakati pa wekishopu, ophunzira akulizungulira polowa ndi potuluka. Onse analizindikira. Witness anavula chipewa.

Dzulo ndalitsegula. Amayi adzamva kwa ine, musawauze ndinu.

Ndiyambe ndi mawu aja oti muzipumako. Ndinawalemba ndi mtima wabwino, koma mtima wabwino sunakubwezereni nyumba kapena ntchito. Ndinalakwa posafunsa. Pepani, a malume.

Tsopano ndikuuzeni zomwe zachitika. Ndinatenga puleni yaikulu kuti ndiwaonetse kanoledwe ka mpeni wake. Ngodya yoyenera ndimaidziwa, ndinaikhoza pamayeso. Ndinanola, ndinabwezera, ndinakankha pathabwa. Puleni inang'amba thabwa ngati khasu. Ndinanolanso, zinaipiraipira. Palibe anaseka. Prudence anangoti, “Aphunzitsi, isiyeni, muipweteka.” Anandilanda puleniyo m'manja monga mmene amatengera mwana kwa munthu woledzera.

Ndafunsa Mayi Fombe ngati ndingakuitaneni kudzandithandiza. Akana. Akuti wopanda mapepala saloledwa kuphunzitsa ngakhale ola limodzi, ndipo oyendera sukulu akhoza kufika tsiku lililonse. Andikumbutsanso kuti ine ndili pa miyezi yoyesedwa, ndipo kundichotsa sikufuna msonkhano.

Sindikudziwa ngati za umwini mbumba munanena moona kapena mukundilanga. Ngati ndi chilango, ndachilandira. Ine munthu amene ndimalephera kubweza chenji cholakwika pamsika, ndikaima bwanji pamaso pa akuchimuna kwa achemwali? Koma ngati munanena moona, ndiye kuti mawu a mwini mbumba amamveka pabanja lonse, ndipo woitanidwa amabwera. Kalatayi ndailemba katatu. Ziwiri zoyambazo ndinapempha. Iyi sindikupempha.

Ndikukuitanani Lolemba, eyiti koloko m'mawa, ku wekishopu. Mudzandiphunzitse kunola.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Augustino


Bangula, Nsanje
16 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali,

Moni kwa inu, amayi ndi ana. Ngati mukuwafunafuna a malume, lekani. Ali kuno.

Inu simukudziwa kuti ndinawalembera. Bokosi ndinatsegula, ndipo ndinawaitana monga mwini mbumba kuti abwere lero. Musanditukwane kaye, werengani mpaka pansi. Ndipo muwerenge nokha, kutali ndi khonde.

Eyiti koloko inakwana, iwo kulibe. Naini inakwana. Ndinali nditavomereza kuti ndawanyoza kachiwiri. Ndinatenga mpeni wa puleni ndi mwala n'kuyamba ndekha, ophunzira atandizungulira. Kenako ndinangoona onse aimirira. A malume anali pakhomo, atavala jekete la kutchalitchi m'kutentha konseku. Sanandipatse moni. Anadutsa n'kukakhala pabenchi yakumbuyo, pakati pa ophunzira, chipewa pabondo. Anati, “Pitirizani, aphunzitsi.”

Ndinapitiriza. Thukuta linkadontha pamwala mpaka sindinafunenso madzi onolera. Anandiyang'ana mwina mphindi ziwiri, kenako anati, “Kodi Esinala anakubereka ndi manja awiri amanzere?” Kalasi yonse inagwa ndi phwete, koyamba chifikireni ine pano. Anadzuka, anaima kumbuyo kwanga, anagwira manja anga onse awiri monga mmene amachitira ndi mwana wophunzira kulemba. Anati, “Leka kuyang'ana. Mvetsera.” Achemwali, chitsulo chikagona bwino pamwala chimalira mosiyana. Zaka zinayi ku yunivesite palibe anandiuzapo zimenezo. Nditakankha puleni pathabwa, inayenda ngati pamafuta.

Tili choncho, manja awo ali pa anga, analowa Mayi Fombe. Phokoso la kuseka lija ndi limene linawaitana. Anaima pakhomo n'kunena kuti, “A Paison, mukudziwa kuti alendo saloledwa muno.”

A malume sanandisiye manja. Anati, “Ine sindine mlendo, mayi. Ndine malemu. Malemu safuna chilolezo. Koma ngati pali mlandu, funsani mwini mbumba, ndi uyu.”

Mayi Fombe anandiyang'ana. Ophunzira makumi awiri ndi awiri anandiyang'ana. A malume anandimasula manja n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, kuti ndiime ndekha. Ndinaganiza za Ndirande ndi envulopu ija. Mukundidziwa, achemwali, moyo wanga wonse sindinatsutsepo munthu wamkulu. Mawu anatuluka aang'ono moti ndinachita kubwereza.

Ndinati, “Akhala, mayi. Mpaka Novembala.”

Mayi Fombe anayang'ana bokosi, anayang'ana kabati ya masowo opanda mano ija. Kenako anati, “Lachisanu, naini koloko, ku ofesi kwanga. Mubwere ndi kalata yanu yokulembani ntchito.” Anatuluka.

Sindikudziwa ngati Loweruka ndidzakhala ndili pa ntchito. A malume akana kulowa m'nyumba. Ayala mphasa pakhonde ndipo akuti sanandikhululukire, ndisamadzinamize. Akuti mawa ndidzuke faifi koloko, pali matchizulo oti ndinole.

Akuchimuna aja muwatumizire mawu kuti Lamlungu likudzali ndikubwera, tidzakhale pansi. Mundilembere zonse zomwe alamu anachita, kuyambira pachiyambi, osasiya kanthu. Sindikufunanso kuyankha inde pa nkhani yomwe sindinafunse.

Ine mlongo wanu,
Augustino